Diso la mbuzi? Ayi, ng'ala sachotsa choncho

Mayi wina wa ku Chitakale, ku Mulanje, wanditumizira imelo. Amayi ake, amene anathyola tiyi zaka zambiri, tsopano akuona zonse ngati m'chifunga, ndipo kuchipatala awauza kuti ndi ng'ala. Koma akukana opaleshoni poti anamva kuti madokotala amakolowola diso n'kuikamo la mbuzi.

Achemwali, za mbuzizo ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo zimandiwawa chifukwa zasiya agogo ambiri akuyenda chofufuza khoma. Diso silituluka m'malo mwake. Kuseri kwa mwana wa diso kuli kagalasi kobadwa nako, kamene kamachita mbuu munthu akamakalamba. Shuga, fodya ndi kuvulala m'diso zimafulumizitsa zimenezi. Dokotala amangocheka pang'ono m'mbali mwa diso, n'kutulutsa kagalasiko, n'kulowetsa kapulasitiki koyera kokhala moyo wonse. Amachititsa dzanzi diso lokha, mwiniwake ali maso, ndipo nthawi zambiri sizipyola mphindi 30. Ngati ng'ala ili konsekonse, amayamba ndi diso limodzi.

Bandeji amachotsa m'mawa mwake. Azakhali anga atawamasula, anayang'anitsitsa chitenje chomwe anavala, n'kuloza maluwa ake ofiira ngati chachilendo, chonsecho anali atachivala zaka ziwiri. Ena amayamba aona mbuu masiku angapo, musadandaule. Koma ngati shuga kapena matenda ena anaononga kale mkati mwa diso, kuona mwina sikubwerera mokwanira, n'chifukwa chake amayamba ayeza.

Ntchito yanu imayamba mukabwerera kunyumba. Mankhwala odontheza musadumphitse, ndipo muzisamba m'manja musanawadontheze. Kwa milungu ingapo amayi asakhale pa utsi wa nkhuni, asapete chimanga, asasenze ndowa, asatikite diso. Ndikudziwa kuti kuwaletsa kukhitchini ndi nkhondo, koma limbani mtima. Madzi a masamba kapena a zitsamba asayandikire disolo ngakhale aneba akakamize bwanji. Ululu ukamakula, diso likamafiirabe, likamatuluka mafinya, kapena kuona kukayamba kuchepa, thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Yambirani kwa a zamaso pa chipatala cha boma cha Mulanje. Iwo ndi amene angakutumizeni ku Lions Sight First, chipatala cha maso cha pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Musaiwale buku lawo lakuchipatala, ndipo ngati kumudzi kuli gogo wina amene anachotsedwapo ng'ala, muitaneni adzacheze nawo kaye.