Mtima ukugundabe mosokonekera, tisiye mankhwala?

Achemwali, ndaona funso lanu loti amayi anawapeza ndi atrial fibrillation, matenda osokoneza kagundidwe ka mtima, akumwa bisoprolol ndi warfarin mwezi wachitatu uno koma mukawagwira pamkono mtima ukugundabe mosokonekera ndiye mukuganiza zosiya. Chonde musasiye. Ine si dotolo ayi, koma bambo anga ali ndi vuto lomweli zaka zambiri ndipo wowaperekeza kuchipatala ndimakhala ine.

Munthu wamkulu akakhala phee mtima umagunda ka 60 mpaka 100 pa mineti. Pa matendawa zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima sizifinya bwinobwino, zimangonjenjemera, ndiye zam'munsi zimathamanga mopanda dongosolo mwina mpaka ka 150. Bisoprolol ndi mabuleki basi, amachepetsa liwiro koma kusokonekera kuja sakuchotsa, moti muzikumvabe ngakhale mankhwala akugwira ntchito. Madotolo ambiri amakhutira ukamagunda pansi pa 110 munthu atakhala pansi bola asamabanike. Muziwerenga kugunda kwa pamkono mineti yathunthu mukuyang'ana wotchi, timashini ta BP tija timaphonya kagundidwe kakakhala kotere. Komanso mankhwala a gulu limeneli, kaya bisoprolol, atenolol, metoprolol, sasiyidwa mwadzidzidzi, mtima umabwezera nkuthamanga kuposa poyamba.

Koma amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi warfarin, poti ndi amene anthu amayamba kumutaya chifukwa samva kusintha kulikonse m'thupi. Iyeyu kagundidwe sakakhudza olo pang'ono, ntchito yake ndi ina, yoletsa magazi kuundana. Zipinda zija zikamangonjenjemera magazi amadikha nkuundana, ndiye kachidutswa kakachoka nkukatseka mtsempha mu ubongo, sitiroko ndi imeneyo, ndipo kwa munthu wa matendawa chiopsezo chimawirikiza pafupifupi kasanu. Ndi wovuta warfarin, sindikana, kuyezetsa INR (muyezo wa nthawi imene magazi amatenga kuti aundane) pafupipafupi kuti izikhala pakati pa 2 ndi 3 kumatopetsa, ibuprofen, diclofenac ndi aspirin osamwa mwachisawawa poti magazi atha kuyamba kutayika m'mimba, ngakhale mankhwala azitsamba muziwauza adotolo musanawapatse. Alipo atsopano monga apixaban ndi rivaroxaban osafuna zoyezayeza zimenezi, mutha kufunsa, kungoti amene valve yawo (kachitseko ka mumtima kodutsa magazi) inachepa chifukwa cha matenda a mtima otchedwa rheumatic heart disease kapena anawaika yachitsulo, wawo ndi warfarin yemweyo.

Liwiro likamakana kutsika njira zilipo, atha kukweza mlingo, kuwonjezera digoxin, kapena kusinthira ku diltiazem kaya verapamil. Izi ndi za adotolo zokhazokha, verapamil kumuphatikiza ndi bisoprolol mtima utha kutsika mpaka munthu kukomoka. Digoxin naye akachuluka m'magazi, makamaka impso zikafooka, munthu amachita nseru nkumaona zinthu ngati zachikasu.

Ndiye pali amiodarone, amene amayesa kubweza kagundidwe kenikeniko. Ndi wamphamvu zedi koma eee, ali ndi mtengo wake m'thupi. Muli ayodini wambiri ndiye amasokoneza chithokomiro, amatha kukhudza mapapo, chiwindi ndi maso, khungu limapsa msanga ndi dzuwa, ndipo ukasiya amakhalabe m'thupi miyezi. Bambo anga anamwako, tinangoona akufooka ndi kumva kuzizira nthawi zonse ife nkumati ndi ukalamba, kukayezetsa kupeza chithokomiro chagona. Nchifukwa chake musadabwe kuti amayi sanawathamangitsire kumeneko.

Pa tsiku lokaonana ndi adotolo pitani ndi manambala omwe mwakhala mukuwerenga, mupemphe ECG (kujambula kagundidwe ka mtima ndi makina), afufuzenso kuchepa kwa magazi ndi chithokomiro poti zimenezi pazokha zimathamangitsa mtima. Ngati ali ndi mphumu munene. Koma akakomoka, akamva kupweteka pachifuwa, pakamwa pakapotoka, mkono ukafooka, kapena chimbudzi chikada bii ngati phula, tsikulo musalidikire, nyamukani nthawi yomweyo olo pakati pa usiku.