Mphindi zoopsa kwambiri ndi za pambuyo potuluka m'madzi

Achemwali a ku Ntcheu, pa nkhani ya mmene mungathandizire mnzanu amene akukonzekera kukawoloka nyanja posambira ku Cape Town, ndaona kuti ambiri m'gulu muno akukuuzani kuti mumugulire mnzanuyo zakudya zabwino ndipo muzimuchemerera, koma ine mtima wanga sunakhazikike nditawerenga zoti akuyesera kusambira m'madzi ozizira, chifukwa mnzanga amene ndinakula naye kuno ku Dedza anatsala pang'ono kundifera m'manja pokonzekera ulendo womwewo wa ku Cape Town. Kuchoka pa chilumba cha Robben Island kukafika ku gombe la Blouberg ku Cape Town ndi pafupifupi makilomita 7 ndi theka, mtunda wosafika n'komwe pa makilomita 10 amene amapikisana pa Olimpiki, koma chimene chimagonjetsa anthu kumeneko ndi kuzizira, pakuti madzi ake amatsika mpaka madigiri 12 kapena 13, ndipo amene akufuna kuti adziwike kuti anawoloka mwa malamulo akale amalowa ndi kabudula wosambirira, chipewa cha labala ndi magalasi basi.

Poyamba tinkatsika msewu wa Golomoti kupita kunyanja cha ku Mtakataka, ndipo kumeneko mnzangayo ankasambira maola ambiri popanda vuto. Nyanja yathu ndi yofunda, ngakhale m'nyengo yozizira madzi ake apamwamba amakhala oposa madigiri 20, choncho imalimbitsa mapewa koma siphunzitsa thupi chisanu. N'chifukwa chake m'mwezi wa Julayi anasamukira pa damu lina la kumapiri kuno, ndipo anapeza bambo wina wochokera kutauni amene ankadzitcha mphunzitsi wa osambira. Bamboyo analandiriratu ndalama zambiri, ndipo pakamwa pake sipankachoka nkhani ya English Channel, nyanja ya pakati pa England ndi France, yakuti munthu asanaloledwe kuwoloka makilomita 33 amenewo amayenera kuyamba wasambira maola 6 m'madzi a madigiri 16 kapena kucheperapo. Lamulolo lilipodi, koma ndi la anthu amene azolowera chisanu kwa miyezi yambiri, osati munthu amene dzulodzuloli anali m'madzi ofunda a ku Mtakataka.

Tsiku limene zinthu zinavuta kunali chiperoni, nkhungu inaphimba damu lonse moti tsidya lina silinkaoneka, ndipo choyezera chimene ndinamangirira ku chingwe chinasonyeza madigiri 14. Ine ndinali m'bwato lobwereka pamodzi ndi mnyamata wopalasa, nditanyamula fulasiki ya tiyi ndi wotchi, pamene mphunzitsi uja anaima kumtunda atavala jekete lalikulu, maso ali pa foni. Ntchito yanga inali kuwerenga kuti mikono ya mnzanga ikumenya madzi kangati pa mphindi imodzi. Anayamba bwino, cha m'ma 60, koma itangopitirira ola chiwerengerocho chinayamba kutsika, miyendo inayamba kumira, ndipo anayamba kukhotera kumanzere ngakhale bwato linali kumanja kwake. Nditamuponyera botolo la tiyi, analigwira n'kulitaya, ndipo m'pamene ndinaona dzanja lake: zala zinali zitatakasuka n'kupindika ngati phazi la nkhuku, osatha kuziphatikiza. Ndinamufunsa dzina la mwana wake woyamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, madzi akumulowa m'kamwa, kenako anayankha ndi lilime lolemera, mawu osamveka, n'kuyambanso kusambira kulowera kumene kunali bango.

Ndinakuwa kumtunda kuti zinthu sizili bwino. Yankho limene linabwera m'nkhungumo silidzachoka m'makutu mwanga: anati timusiye, zatsala mphindi 20, mwamuna sathawa chisanu. Ine ndi mnyamata uja tinamugwira m'khwapa n'kumukokera m'bwato, bwatolo likupendama mpaka kutunga madzi, iye akulimbana nafe kuti ali bwinobwino. Titafika kumtunda anaimirira yekha, anamwetulira, ndipo mphunzitsi uja anandiloza chala pamaso pa anthu amene anasonkhana, kunena kuti ndawononga pulogalamu chifukwa cha mantha. Sipanathe mphindi 10. Mnzanga anayamba kunjenjemera koopsa, mano akugundana mpaka kudziluma lilime, magazi osakanikirana ndi malovu akutsikira pachibwano, milomo itatuwa. Sanathenso kuvula kabudula wonyowayo, tinachita kumuvula. Kenako kunjenjemera kuja kunayamba kuchepa, iye n'kumati timusiye agone pang'ono, ndipo anthu ena anati wayamba kupeza bwino, pamene zoona zake n'zakuti thupi linali litasiya kudzimenyera nkhondo.

Chimene anachita bambo uja pa nthawi imeneyo ndi chimene chimandiwawabe mpaka lero. Anayamba kumutikita miyendo mwamphamvu, anatulutsa kabotolo ka mowa waukali m'thumba la jekete kuti ammwetse, ndipo nditakana, anayang'ana wotchi n'kunena kuti ali ndi anthu amene akumudikirira ku Lilongwe. Galimoto pamalopo inali imodzi yokha, yake yomweyo, ndipo anailiza n'kumapita. Amene anatipulumutsa ndi amayi amene ankathirira kabichi kudimba la pafupi. Anavula zitenje zawo n'kumufunditsa pamwamba pa bulangete, mmodzi anamuveka chipewa cha mwana wake, wina anathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto yonyamula kachewere. Ine ndinavula malaya n'kumukumbatira pachifuwa m'kati mwa bulangetemo, ndikumutchula dzina njira yonse kuti asagone, titakhala pamwamba pa matumba. Kuchipatala anapeza kuti kutentha kwa thupi lake kunali pansi pa madigiri 35, amene ndi malire oti munthu wazizidwa mofika pangozi.

Achipatala ndi amene anandifotokozera chifukwa chake munthu amagwa atatuluka kale. Akakhala m'madzi ozizira, thupi limatseka mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo kuti magazi ofunda atsale pa mtima ndi m'mapapo. Akatuluka, kuzizira kwa khungu ndi minofu kumapitiriza kulowa m'kati, magazi ozizira a kumiyendo amayamba kubwerera ku mtima, ndipo kutentha kwa m'kati kumatsikabe kwa mphindi 20 kapena kuposerapo. Kumutikita miyendo, kumusambitsa madzi otentha kapena kumupatsa mowa kumatsegula mitsempha ija mofulumira, ndipo kukhoza kumugwetsa kapena kusokoneza mtima. Ndiye kuti zonse zimene mphunzitsi uja ankachita zinali zomukankhira kumanda. Sanaimbe foni ngakhale kamodzi kufunsa ngati munthu wadzuka. Patapita sabata anatumiza uthenga wofuna ndalama zotsala, ndipo tinamva kuti akuuza anthu kuti mnzanga ndi wofooka. Munthu wotere sayenera kuyandikira mwana wa mwini pafupi ndi madzi, ndipo ndimadabwa kuti pali makolo amene amamukhulupirirabe.

Tsono achemwali, mugwirizane ndi mnzanuyo adakali kumtunda, mutu ukugwira, kuti mawu omaliza ndi anu, chifukwa chisanu chimayamba ndi kuba nzeru ndipo wozizidwa amaumirira kuti ali bwino. Muziwerenga mikono yake, muzimufunsa mafunso oti aganize, monga dzina la mudzi wa amayi ake, muzimuuza kuti agunditse chala chachikulu ndi chaching'ono, ndipo pakatha mphindi 30 zilizonse muzimupatsa chakumwa chofunda cha shuga kapena phala lamadzimadzi. Polowa asadumphire, alowe pang'onopang'ono, popeza mphindi yoyamba kapena ziwiri munthu amapuma mwabefu mosadziletsa ndipo m'pamene ambiri amamwa madzi. Akatuluka, mumuvule zonyowa nthawi yomweyo pamalo obisika ku mphepo, mumupukute mosakhula, muyambe kumuveka chipewa ndi za pachifuwa, kenako sokosi, ndipo tiyi mumupatse pokhapokha ngati akutha kumeza bwino. Zovala muziyale motsatana asanalowe m'madzi, ndipo zisakhale za mabatani, chifukwa zala zake sizidzagwira. Asayendetse galimoto kapena njinga mpaka kunjenjemera kutatheratu. Galimoto ikhale yanu kapena ya munthu amene sangachoke, itayang'ana kumsewu, makiyi ali m'thumba mwanu.

Komabe musakhale munthu womutulutsa nthawi iliyonse akadandaula. Kulira chisanu, kutukwana, khungu kufiira ndi kunjenjemera akatuluka ndi mbali ya kuzolowera, ndipo mukamamumvera chisoni msanga adzakafika ku Cape Town thupi lisanaphunzire kanthu, n'kukazizidwa pakati pa nyanja yamchere kumene inu kulibe. Nthawi zina mudzayenera kuumitsa mtima n'kumuuza kuti apitirize mphindi zina zisanu. Mphunzitsi amafunikanso ndithu, ngakhale ndanena zonsezi, chifukwa inu ndi ine sitingadziwe mmene angawonjezerere nthawi sabata ndi sabata, kuyambira pa mphindi zochepa. Mungofunsa kuti iyeyo anasambirapo kuti m'madzi ozizira, ndipo ngati akukana kukwera bwato, mubwezereni komwe wachokera. Mnzanuyo ayambe wapimitsa mtima ndi kuthamanga kwa magazi asanalowenso.

Masiku amene mukutsikira kunyanja kukachita mtunda wautali, mufunse asodzi za mwera, umene umaomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka cha mu Sepitembala, mupewe pamene mitsinje imathirira chifukwa cha ng'ona ndi mvuu, ndipo mnzanuyo azikayezetsa likodzo kuti alandire mankhwala a praziquantel ngati lapezeka. Madamu a kumapiri kuno amayamba kufunda Ogasiti akamatha, choncho nthawi yeniyeni yozolowera chisanu ndi Juni ndi Julayi, ndipo ngati tsiku lake lowoloka lili kutali ndi miyezi imeneyi, asunge ndalama zoti akafike ku Cape Town kudakali masabata angapo n'kumakalowa m'madzi akomweko tsiku ndi tsiku limodzi ndi osambira a kumeneko.