N'chifukwa chiyani 30 ndi 40 akutulutsa 50? Yankho kwa wophunzira wa ku Area 25

Imelo imene ndikuyankha lero yachokera kwa mtsikana wina wa ku Area 25, yemwe ali chaka choyamba pa maphunziro a zamagetsi. Aphunzitsi anawapatsa mafunso atatu. Loyamba: transifoma ikutsitsa mavolti 11,000 kufika pa 230, ndipo mbali ya 230 waya wakulungidwa ka 100, mbali inayo wakulungidwa kangati, nanga n'chifukwa chiyani transifomayo singagwire ntchito ndi batire? Lachiwiri: resistor (kachipangizo kochepetsa karenti) ya ma ohm 30 yalumikizidwa motsatizana ndi koyilo (waya wokulungidwa) imene reactance yake, kutanthauza mmene imaletsera karenti yosinthasintha, ndi ma ohm 40, pa magetsi a 230. Iye anaphatikiza n'kupeza 70, koma kumapeto kwa buku kwalembedwa 50. Lachitatu: funde la wailesi la 100 MHz n'lotalika bwanji? Watsiriza ndi dandaulo loti mafomula waloweza onse koma sakuona pamene zinthuzi zikukumana.

Achemwali, zikomo polemba. Mabuku amazigawa zinthuzi m'mitu itatu, koma nkhani yake ndi imodzi: mphamvu ya maginito ikamasintha imabala magetsi, ndipo ikangokhala phee sibala kanthu. Mukagwira pamenepa, mafunso atatu onsewa afewa.

Mu 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona singano ya kampasi ikukhota pamene karenti ikudutsa m'waya wapafupi. Apo zinadziwika kuti magetsi amapanga maginito. Anthu anayesa kutembenuza, kuti maginito apange magetsi, koma zinkakanika chifukwa ankaika maginito pafupi ndi waya n'kumadikira. Michael Faraday ndiye anazitulukira mu 1831 ku London: singano ya geji yake inkagwedezeka pokhapokha maginito akamalowa kapena kutuluka m'koyilo. Ngati mungapeze njinga yakale yokhala ndi dayinamo, itembenuzeni gudumu m'mwamba muzungulitse ndi dzanja. Pang'onopang'ono babu limangoti psuu, mukafulumiza liwala, mukaima lizima, pamene maginito m'katimo ali chikhalire ndi mphamvu zake zonse.

Ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, madzi a mtsinje wa Shire akuchita ntchito yomweyo ya dzanja lanu. Maginito akamazungulira, koyilo imakumana ndi mbali ya kumpoto kenako ya kummwera, choncho karenti imapita uku n'kubwerera uku. Kuno kwathu imachita zimenezi ka 50 pa sekondi iliyonse, ndiye 50 Hz imene mumaiona pa tchaja ya foni ija.

Funso loyamba latha kale pamenepa. Koyilo yoyamba ya transifoma imapanga maginito osinthasintha m'chitsulo chapakati, koyilo yachiwiri imamva kusinthako n'kubala voteji. Kukulunga kulikonse kumalandira voteji yofanana, choncho 11,000 kugawa ndi 230 kutipatsa pafupifupi 47.8, ndipo 47.8 kuchulukitsa ndi 100 ndi pafupifupi 4,780. Batire limapereka karenti yosasintha. Mukalilumikiza, koyilo yachiwiri imangodzidzimuka kamodzi panthawi yolumikizayo basi, kenako zii, ndipo koyilo yoyamba imayamba kutentha chifukwa palibenso choletsa karenti kupatula waya wokhawokha.

Mwina mungafunse kuti a ESCOM amavutikiranji kukweza voteji chonchi. Mphamvu yotayika m'mawaya ndi karenti kuchulukitsa ndi karenti yomweyo kuchulukitsa ndi resistance, kutanthauza mmene wayayo amaletsera karenti. Mukanyamula mphamvu yomweyo pa mavolti 132,000 m'malo mwa 11,000, karenti itsika ka 12, ndipo zotayika zitsika ka 144. N'chifukwa chake mzere wochokera ku Phombeya ku Balaka kudzafika ku Nkhoma anaumanga wa mavolti 400,000.

Tsopano pa 70 wanu uja, pamene ambiri amagwera. Simunalakwitse masamu, mwaphatikiza zinthu zosayendera limodzi. Mu resistor, voteji ndi karenti zimafika pachimake nthawi imodzi. M'koyilo si choncho. Karenti ikamakwera, maginito a koyiloyo amakula, ndipo kukulako kumabala voteji yotsutsana ndi karenti imene yawabala. Ili ndi lamulo la Lenz. Voteji ya koyilo imakhala yaikulu panthawi imene karenti ikusintha mofulumira kwambiri, ndipo nthawi imeneyo ndi pamene karenti ikudutsa pa ziro. Karenti ikafika pamwamba penipeni, imaima kaye isanatsike, ndipo voteji ya koyilo pamenepo ndi ziro. Jambulani mafunde awiriwo papepala limodzi muone nokha: la karenti likutsalira ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo wonse, madigiri 90. Pa 50 Hz ulendo wonse ndi masekondi 0.02, ndiye kutsalirako ndi masekondi 0.005.

Zinthu zosiyana ndi madigiri 90 zimaphatikizidwa monga mbali ziwiri za ngodya yowongoka. Amisiri omanga nyumba amachita zimenezi tsiku lililonse pokhoma zikhomo za maziko: chingwe cha mamita 3 uku, cha 4 uku, chopingasa chikakwana 5 ndiye kuti kona yawongoka. Inunso 30 kuchulukitsa ndi 30 ndi 900, 40 kuchulukitsa ndi 40 ndi 1,600, pamodzi 2,500, ndipo square root yake ndi 50. Karenti ndi 230 kugawa ndi 50, ma amp 4.6. Yesani kuona chodabwitsa ichi: voteji ya pa resistor ndi 138, ya pa koyilo ndi 184. Kuphatikiza wamba kutipatsa 322, kuposa 230 imene ikulowa, koma mita yabwino ingakuwerengereni manambala omwewa. Palibe chalakwika, nsonga zake sizifika nthawi imodzi.

Funso lotsatira limene aphunzitsi anu sadzalephera kufunsa ndi la mphamvu. Koyilo yangwiro sidya mphamvu, imangoisunga m'maginito n'kuibweza. Yodyedwa ndi ya mu resistor yokha: 4.6 kuchulukitsa ndi 4.6 kuchulukitsa ndi 30, pafupifupi mawati 635. Koma 230 kuchulukitsa ndi 4.6 ndi 1,058. Mukagawa 635 ndi 1,058 mupeza 0.6, power factor imeneyo, kutanthauza gawo la mphamvu limene likugwiradi ntchito. Mamota a zigayo ndi a m'mafakitale a ku Kanengo ndi makoyilo akuluakulu, ndipo mawaya amanyamula karenti yonse, yogwira ntchito ndi yongopita n'kubwerera. N'chifukwa chake m'mafakitale mumapezeka makapasita, zipangizo zosunga magetsi kwa kanthawi kochepa: mu kapasita karenti imatsogola ndi madigiri 90, ndiye imafafaniza kutsalira kwa koyilo. Musaiwalenso kuti 230 ndi mlingo wa rms, kutanthauza voteji yosasintha imene ingatenthetse resistor mofanana ndi yosinthasinthayi. Nsonga yeniyeni imafika pafupifupi mavolti 325, pochulukitsa ndi 1.414.

La wailesi ndi lophweka kuposa onse. James Clerk Maxwell anasonyeza ndi masamu m'zaka za m'ma 1860 kuti mphamvu ya magetsi ikamasintha imabala ya maginito, nayonso ikamasintha imabala ya magetsi, ndipo ziwirizi zingathe kumayenda m'malere popanda waya pa liwiro la kuwala. Heinrich Hertz anawapanga mafundewo m'labotale ku Germany mu 1887. Liwiro lake ndi mamita 300,000,000 pa sekondi. Gawani ndi 100,000,000 mupeza mamita 3. Cholakwitsa chimene ndimachiona kawirikawiri n'kuiwala kuti M ndi miliyoni, munthu n'kulemba kuti funde la FM ndi lotalika makilomita 3,000 osadabwa n'komwe. Tengani tepi muyeze eriyo ya wailesi yakunyumba mutaisolola yonse. Zambiri zimakhala pafupi ndi masentimita 75, gawo limodzi mwa anayi a mamita 3 aja, ndipo sizinangochitika.

Kuno kwathu mawayilesi onse a FM ali pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo onse amafika pa eriyo yanu nthawi imodzi. Chosankha siteshoni imodzi ndi koyilo ndi kapasita zomwe zija tatchula pa funso lachiwiri. Reactance ya koyilo imakula frequency (kuchuluka kwa ma Hz) ikamakwera, ya kapasita imachepa, ndiye pali frequency imodzi pamene ziwirizo zimalingana n'kufafanizana. Siteshoni ya pamenepo ndi imene imamveka. Pa wailesi yakale, mukamapotokola kabatani kofunira siteshoni mumakhala mukusintha kukula kwa kapasita.

Nayi ntchito yanu musanandilembere kachiwiri. Pa resistor ndi koyilo zija za 30 ndi 40, onjezani motsatizana kapasita imene reactance yake ndi ma ohm 40. Pezani karenti yatsopano ndi power factor yake, kenako werengani voteji ya pa koyilo yokha. Ikakutulukirani yoposa 230 musafufute, koma mundifotokozere m'mawu anuanu chifukwa chake.