Loya wothandiza kugula nyumba ku England

Achemwali, mwafunsa ngati mungotenga loya amene estate agent (wogulitsa nyumba m'malo mwa mwini wake) wakupatsani pogula nyumba yanu yoyamba ku Leicester. Palibe chokukakamizani. Nthawi zambiri agent amalandirapo kangachepe akakutumizani kwa loyayo, ndiye yambani mwafunsa mitengo kwa ena awiri kapena atatu. Mufunsenso ngati banki yokubwereketsani ndalama imamuvomereza, apo ayi mudzalipira maloya awiri. Akhale wolembetsedwa ku SRA, bungwe loyang'anira maloya, kapena ku CLC, loyang'anira ma licensed conveyancer (akatswiri a zamalamulo ogulira ndi kugulitsa nyumba), ngati ndi m'modzi wa iwo.

Kuno mwini nyumba akavomera mtengo wanu, musayambe kulongedza katundu. Palibe mgwirizano womanga aliyense mwalamulo mpaka tsiku la exchange of contracts, pomwe inu ndi wogulitsa mumasinthana makontilakiti osainidwa, ndipo wina akhoza kuwonjezera ndalama n'kukulandani nyumbayo, ndalama za survey (kuyendera nyumba kuona ngati ili bwino) ndi searches (kufufuza za malowo kukhonsolo ndi kwina) zitapita kale. Pa tsikulo mumapereka dipoziti, kawirikawiri 10%. Makiyi mumalandira pa completion, tsiku lomwe ndalama zonse zaperekedwa, kenako loya amakonza za stamp duty (msonkho wogulira nyumba) pasanathe masiku 14 ndi kulembetsa dzina lanu ku HM Land Registry, ofesi ya boma yolembetsa eni nyumba ndi malo.

Pomwe ambirife timapunthwa ndi pa ndalama zochokera kumudzi. Ine ndinachedwa milungu itatu chifukwa zomwe malume ananditumizira kuchokera ku Lilongwe zinalibe pepala lililonse. Loya anafuna kalata yonena kuti ndi mphatso, chiphaso chawo, ndi masitetimenti a kubanki, malume ali kumunda ku Mchinji kopanda netiweki. Konzeranitu zimenezi.

Ngati ndi fulati, funsani zaka zotsala pa lease, chilolezo chokhala mwini fulatiyo kwa zaka zowerengeka. Zikatsika pansi pa 80 kuwonjezera zakazo kumakwera mtengo. Ndipo mukalandira imelo yoti akaunti ya loya yasintha, muimbireni foni musanatumize ngakhale paundi imodzi.