Aneba akukongoletsa msewu pa Halloween, tiyambire pati?

Funso: Akonzi, tangosamukira kumene ku Indiana, m'dziko la America. Aneba agwirizana kukongoletsa msewu wonse pa Halloween ndipo atiitana. Tiyambire pati?

Yankho: Zikomo wowerenga wathu. Halloween ndi chikondwerero cha pa 31 Okutobala, pamene ana amavala zovala zodzizimbaitsa n'kumayenda khomo ndi khomo madzulo kupempha maswiti. Anthu amakongoletsa pakhomo ndi maungu osemedwa nkhope, koma musafulumire kusema maunguwo. Dzungu losemedwa limayamba kufota ndi kuchita nkhungu pakangopita masiku 3 mpaka 7. Lisemeni kutatsala masiku 2 kapena 3, mukokolole njere ndi zamkati zonse, chifukwa chinyezi ndicho chimaliwoletsa. Mkatimo ikanimo nyali ya batire ya LED. Kandulo ayi, poti zovala za ana zimakhwekhwereka ndipo sizichedwa kugwira moto.

Nthambo za magetsi zikhale zolembedwa kuti ndi zapanja, muzilumikize pa soketi ya GFCI imene imadula magetsi madzi akalowa. Zisadutse m'njira yoyendamo anthu. Mumdima ana amapunthwa nazo.

Ukonde wa kangaude wochita kupanga, wogula wokongoletsera uja, umakola mbalame, choncho uikeni kumbuyo kwa galasi la zenera.

Nyali ya pakhonde ikayaka, ana amadziwa kuti pali maswiti. Maswiti akatha, zimitsani. Ngati aneba akufuna kutseka msewu kuti galimoto zisadutse, apemphe chilolezo ku khonsolo ya mzinda nthawi ikadalipo.