Mwana akubisa lipoti: kodi malikisi amadzutsa mwana kapena amamugonetsa?

Mayi wina wandilembera za mwana wake wamwamuna amene ali Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera. Akuti ku pulayimale mnyamatayu sankatsika pa nambala 5, koma chilowereni ku sekondale wakhala akubwerera m'mbuyo, mpaka teremu yathayi anakhala nambala 41 mwa ana 68. Mayiwa anamulonjeza foni akadzalowa m'gulu la ana khumi oyambirira. Bambo ake anamuopseza kuti asiya kulipira fizi. Palibe chasintha, ndipo tsopano lipoti akumalibisa. Funso lawo n'lakuti: "Kodi malikisi oipa si ndiwo amayenera kumudzutsa mwana? Nanga wangayu bwanji akungogonerabe?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo musadziimbe mlandu kuti mwalephera kulera. Choyamba chimene ndaona m'kalata yanu ndi kubisa lipotiko. Mwana wosasamala za sukulu amaliponya pamphasa n'kuthamangira ku mpira. Wanuyu nambala 41 ija ikumupweteka, mwina kuposa mmene ikukupwetekerani inuyo, koma sakudziwa pogwira kuti atulukemo.

Malikisi amalimbikitsadi, koma amakoka mwana amene akuona kuti chimene akufunacho chili pafupi. Kumbukirani tsiku lotsekera sukulu mmene zinkakhalira. Ana akhala pansi pa mtengo, makolo pa mabenchi, aphunzitsi aimirira ndi pepala kuwerenga manambala. Amene wakhala nambala 2 amapita kunyumba mtima ukutentha, akuti teremu ya mawa ndimugwetsa ameneyu. Amene wakhala nambala 12 amawerengera kuti anangotsala pang'ono kulowa m'gulu la khumi. Koma yang'anani kumbuyo, kumene kwakhala ana amene mayina awo amatchulidwa nthungululu zitatha kale. Wina akukumba pansi ndi kamtengo, wina akuseka mokakamiza kuti anzake asaone kuti zamukhudza. Mwana ameneyo sakuganiza zokawerenga madzulo. Akuganiza mmene ayendere kuti asakumane ndi azakhali ake panjira.

Zimenezi zinayesedwapo kuno kwathu. Akatswiri atatu, James Berry, Hyuncheol Kim ndi Hyuk Son, anachita kafukufuku m'masukulu a pulayimale a kumidzi ya kufupi ndi Lilongwe, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2022. Ana ena a makalasi akuluakulu analonjezedwa mphoto ngati angakhale m'gulu la okhoza bwino kwambiri pa mayeso omaliza. Aliyense akanaganiza kuti ana awerenga usiku ndi usana. Chimene chinachitika n'chakuti malikisi a gulu lolonjezedwalo anatsika, chidwi chowerenga chinachepa, makamaka kwa ana amene ankadziwa kale kuti mphotoyo sangainunkhe. Gulu lina linkapikisana ndi ana ofanana nawo pa kakhozedwe, ndipo kumeneko malikisi sanatsike, ngakhale sanakwerenso. Ndikamawerenga za foni yanu ija ndikuona chimodzimodzi. Kuchoka pa 41 kufika pa 10 m'teremu imodzi ndi phiri. Mnyamata wanu waliyang'ana phirilo, wawerengera, n'kukhala pansi.

Palinso vuto lina ndi nambala ya m'kalasi, limene makolo ambiri sitiliganizira. Nambala imanena za ana ena 67 aja kuposa mmene imanenera za mwana wanu. Atakweza masamu ake kuchoka pa 30 kufika pa 45, anzakenso n'kukweza awo, adzakhalabe nambala 41, ndipo khama lake lonse silidzaoneka papepala. Ku pulayimale ankakhala nambala 5 pakati pa ana a m'mudzi umodzi. Ku sekondale wakumana ndi anzake amene nawonso anali manambala 5 kwawo.

Ndiye kodi chimene chimaphunzitsa mwana n'chiyani? Mayi, inu munapitako ku sikelo ndi mwanayu ali wakhanda. Akamupachika pa sikelo, n'kulemba kadontho m'buku lake lachipatala, kadonthoko kankakuuzani ngati akukwera kapena akutsika. Koma akatsika, chimene chinkathandiza ndi mafunso a mlangizi wa zaumoyo uja: akuyamwa bwanji, phala mukuthiramo nsinjiro, wadwalapo m'mimba? Malikisi ndi kadontho kaja. Amatiuza kuti pali vuto, koma sanena kuti vutolo lili pati, ndipo mwana sangakonze chimene sakuchiona.

Mu 1988 katswiri wina wa ku Israel, Ruth Butler, anapatsa ntchito ana 132 a makalasi a 5 ndi 6, n'kuwabwezera mapepala awo m'njira zitatu. Ena analandira malikisi okha. Ena analandira ndemanga yokha, yonena chimene achita bwino ndi chimene angawonjezere. Ena analandira zonse ziwiri. Pa ntchito yotsatira, amene anachita bwino kuposa poyamba ndi a ndemanga yokha aja. Chodabwitsa n'chakuti amene analandira malikisi pamodzi ndi ndemanga sanapindule kuposa a malikisi okha. Aliyense amene anagawirapo ana mapepala akudziwa chifukwa chake. Diso limathamangira pakona pamene pali nambala yofiira, kenako limasuzumira pepala la mnzake, kenako pepala lija lapindidwa n'kulowa m'thumba. Zimene aphunzitsi analemba m'mphepete palibe waziwerenga. Pa nkhani ya chidwi, ana okhoza kale amene analandira malikisi anakhalabe ndi chidwi, koma a m'munsi chidwi chawo chinazirala.

Sindikunena kuti muuze mwana kuti malikisi alibe ntchito. Kumeneko kungakhale kumunamiza. Chaka chamawa alemba MSCE, ndipo a MANEB adzamupatsa magiredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene wakhoza bwino, ndipo kuti dzina lake liganiziridwe ku mayunivesite a boma monga UNIMA, MUBAS, LUANAR, KUHeS, MUST kapena Mzuzu University, afunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Ngakhale ku maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA kapena ku makoleji a uphunzitsi adzafunsa satifiketi. Khomo limeneli n'lenileni. Koma zindikirani kuti pa satifiketi ya MSCE palibe pamene amalemba kuti anali nambala chakuti m'kalasi. Amalemba zimene iye wakwanitsa pa phunziro lililonse.

Ndipo tonse tinaona kumene kuthamangitsa magiredi okha kumafikitsa. Mu November 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anatuluka nthawi isanakwane, ana n'kukalembanso mu January 2021. Mwana akauzidwa tsiku ndi tsiku kuti chofunika ndi nambala basi, amapeza njira yachidule yopezera nambalayo: kuloweza manotsi osawamvetsa, kukopera kwa mnzake, kulowa ndi likasa. Ndimaopa kwambiri mwana amene wayamba kubweretsa malikisi abwino mwadzidzidzi chifukwa cha mantha kuposa amene akubweretsa 35 yake yeniyeni.

Tsono chitani izi. Lipoti lisiyeni kaye, mupemphe mapepala a mayeso amene aphunzitsi anachonga. Sankhani phunziro limodzi, mwina masamu, mukhale naye pakhonde nthawi imene bambo ake kulibe ndipo inu simunakwiye. Simukufunika kudziwa masamu a Fomu 3. Lozani funso limene analakwa, mumuuze kuti, "Tandifotokozera mmene unaganizira apa." Ndinachitapo zimenezi ndi mtsikana wina amene anapeza 28 pa 100 ndipo ankalumbira kuti mutu wake si wa masamu. Titatsata mafunso amene analakwa, tinapeza kuti njira ankaidziwa bwinobwino. Chimene chinkamugwetsa ndi chinthu chimodzi: akamasamutsa nambala kuchoka mbali ina ya ikwezhoni kupita mbali inayo, ankaiwala kusintha chizindikiro, pulasi kukhala mayinasi. Cholakwa chimodzicho chinamudyera malikisi pa mafunso asanu ndi awiri. Nkhope yake inasintha pomwepo, chifukwa "sinditha masamu" ndi katundu wosanyamulika, pamene "ndimaiwala kusintha chizindikiro" ndi ntchito ya sabata imodzi.

Mukatero pitani kusukulu mukaonane ndi aphunzitsi a phunzirolo. Musakafunse kuti mwana akuchita bwanji, chifukwa yankho lidzakhala lakuti alimbikire. Kafunseni kuti ndi mitu iwiri iti imene akaigwira angakwere msanga. Mphunzitsi wa ana 68 sangalembe ndemanga yaitali pa pepala lililonse, koma kholo likabwera ndi funso lolunjika chotero, ambiri amayankha mokondwa. Funsaninso zina zimene lipoti silinena: kodi akuona bwino pa bolodi, amafika nthawi yanji, amakhala ndi ndani, Chingerezi cha aphunzitsi akuchimva? Ana ambiri amene amagwa sayansi ndi Jogalafe kwenikweni agwa Chingerezi cha funsolo.

Kwa iwe mnyamata, ngati mayi ako akuwerengera izi: kuwerenga manotsi kasanu kumakupatsa mtima woti wadziwa, koma kumanyenga. Mu 2006 akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapeza kuti ophunzira amene ankatseka buku n'kuyesa kukumbukira zimene awerenga ankakumbukira zambiri patatha sabata kuposa amene ankangobwereza kuwerenga. Choncho tseka kope, lemba zimene ukukumbukira, tsegula, ona zimene wasiya. Tenga mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, uyankhe wekha, udzichonge wekha. Malikisi amenewo palibe adzawalengeze pansi pa mtengo, ndipo ndi amene adzakuuze zoona za pamene uli.

Za bambo ake, apempheni mwaulemu kuti mawu osiya kulipira fizi awabweze. Mwana amene akuganiza kuti teremu ya mawa mwina sakhalapo alibe chifukwa chowerengera lero. Akhoza kumufunsa molimba, akhoza kufuna kuona makope Loweruka lililonse, koma sukulu yokhayo isakhale chikwapu.

Foni ija musaichotse, poti munalonjeza kale, koma sinthani pangano. Chotsanipo anzake 67 aja. Khalani naye, mutenge malikisi ake a teremu yatha pa maphunziro atatu, mugwirizane kuti akakweza lililonse ndi malikisi 10, ndiponso akamakuonetsani pepala lililonse lochongedwa, labwino kapena loipa, foni apeza. Mulole iyeyo asankhe maphunziro atatuwo, koma Chingerezi chikhalepo, chifukwa popanda kirediti ya Chingerezi mapointi ena onse sadzamutsegulira khomo la yunivesite. Panganolo mulilembe pa tsamba lomaliza la kope lake, nonse awiri musayine, ndipo teremu ikatha mudzandilemberenso mmene zayendera.