Mapewa auma, thupi lasintha: muyambire pati kuzizira kuno?

Mayi wina wa ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg, amene amagwira ntchito ya m'nyumba masiku 6 pa sabata, watumiza funso ili pa imelo: "Ndimaweruka mapewa atauma gwa, msana ndi mapazi zikuwawa. Chibwerereni ku Joni ndanenepa, ndipo ndikatumiza chithunzi kumudzi anthu amayambira pa thupi langa. Ndayesa kusiya nsima koma ndimagonja tsiku lachitatu. Kodi kulipira wotikita minofu kungandithandize? Nanga kuzizira kuno ndizidya chiyani?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambire pa nsimapo, chifukwa mukudzilanga mulibe mlandu. Munthu wokolopa, kusita ndi kubereka mwana wa abwana tsiku lonse sangayendere tiyi ndi apulo mmodzi. Mukadzimana nsima, njala imakupezani cha m'ma 3 koloko masana, ndipo chimene chimakhala pafupi ndi magwinya (mandasi a kuno), tchipisi kapena chakumwa cha shuga. Kugonja kwa tsiku lachitatu kumachokera pamenepo. Nsima isachoke pa mbale. Ingochepetsani mtanda ukhale ngati chibakera chanu, kapena chibakera ndi theka tsiku la ntchito yolemetsa, ndiwo ndizo zichuluke.

Kudzivomereza kumayamba ndi kusiya kufunsa thupi mafunso olakwika. Sikelo siikuuzani ngati muli pa ngozi. Tengani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, muzungulize pamimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, mutatulutsa mpweya. Ngati nsonga zake zikukumana, mafuta a pamimba sanapyole muyezo. Munthu wa masentimita 160, pamimba pake pasafike 80. Zikapanda kukumana, kayezetseni BP ndi shuga kukiliniki, musachite manyazi. Dziwaninso kuti jakisoni wolera wa miyezi 3 ndi ma ARV ena amanenepetsa anthu ena. Zimenezo mukakambirane ndi anesi, musasiye mankhwala panokha. Koma achibale aja, ambiri akati "mwanenepatu" amaona ngati akukuyamikirani kuti ku Joni kwakulandirani. Ayankheni kuti "ndili bwino, kaya inu kumeneko," nkhani ipitirire. Ndipo siketi yothina imene mukuisunga kuti mudzaivala mukadzaonda, ipatseni wina. Gulani zokukwanani lero, makamaka bra ndi nsapato. Zingwe za bra zothina zimakanikiza pamapewa pomwe mukudandaulapo.

Kutikita minofu kumathandiza ndithu, koma tinene zoona. Kumafewetsa minofu youma, kumachepetsa ululu kwa maola kapena masiku angapo, ndipo ambiri amagona bwino akatikitidwa. Sikusungunula mafuta, ndipo wokuuzani kuti akuchotsani mimba ndi manja akungofuna ndalama zanu. Ngati mukufuna kulipira, funsani ngati munthuyo analembetsa ku Allied Health Professions Council of South Africa, bungwe limene limalembetsa otikita minofu mwa chithandizo m'dziko muno. Komabe kwa ntchito ngati yanu, mphindi 10 madzulo aliwonse kunyumba zimaposa ola limodzi pa mwezi.

Yambani ndi kuthowa. Viikani tawulo m'madzi ofunda, osati owira, finyani, muike pakhosi ndi pamapewa mphindi 5. Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi umazizira mpaka chisanu kugwa. Munthu akamva kuzizira amakweza mapewa osazindikira, nayenda choncho kuyambira pa renki ya taxi mpaka kuntchito. Mnofu wotere ukautikita usanafunde umangouma kwambiri.

Kenako thirani supuni yaing'ono imodzi ya mafuta a mpendadzuwa kapena a kokonati m'manja, muwafunditse popekesa zikhatho. Ndi dzanja lamanja gwirani mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa lamanzere, muufinye pang'onopang'ono, muwerenge mpaka 10, musiye. Bwerezani kasanu, musinthe mbali. Pamsana pamene dzanja silifika, ikani mpira wa tenesi m'sokosi yaitali, muuponye kumbuyo kudzera paphewa, mutsamire khoma. Mpirawo ukhale pa mnofu wa m'mbali mwa fupa la msana, osati pafupapo. Mukapeza pamene pali mfundo yowawa, imani pamenepo masekondi 30 mpaka 60 mukupuma mozama. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaganiza kuti kuwawa kwambiri ndiye kuchira. Mukayamba kuluma mano kapena kubanika, mwapyola, ndipo mawa mudzadzuka pakupweteka kuposa dzulo. Mukamva dzanzi kapena ululu wothamangira m'mkono kapena m'mwendo, lekani, chifukwa mwakanikiza mtsempha.

Mapazi ndi osavuta. Khalani pampando, mugubuduze mpira womwewo pansi pa phazi kuchokera kuchidendene mpaka ku zala, mphindi 2 phazi lililonse. Akatumba asisiteni kuchokera pansi kukwera ku bondo. Musakanikize kuseri kwa bondo, kutsogolo kwa khosi, pa mitsempha yotupa kapena pabala. Odwala shuga ayese madzi ndi chigongono asanaviike mapazi, poti phazi la dzanzi limapsa mwini wake osamva.

Chinthu chimodzi ndikupemphani musachiiwale, ndipo muuzeko anzanu. Ngati katumba wa mwendo umodzi watupa, akutentha ndi kuwawa, makamaka mutangotsika basi ya ku Blantyre kapena Lilongwe ku Park Station mutakhala pampando usana ndi usiku, musatikite ngakhale pang'ono. Akhoza kukhala magazi oundana mu mtsempha, ndipo kutikita kungawathamangitsire ku mapapo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Zakudya za nyengo ino zikukukomerani. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti malalanje ndi manachesi a ku Limpopo ndi Mpumalanga amadzaza misika, mapeyala nawonso amapezeka, ndipo kabichi, repu, sipinachi, butternut ndi mbatata sizivuta. Ambiri ogulitsa m'misewu amakapikula ku Joburg Market ku City Deep, choncho mukasonkherana anthu atatu kapena anayi n'kugula thumba lathunthu, mtengo umatsika. Bungwe la WHO limalangiza magalamu 400 a zipatso ndi masamba pa tsiku. Nachesi m'mawa, lalanje masana ndi theka la mbale ya masamba madzulo, mwayandikira kale.

Masamba aphikeni mphindi 5 mpaka 7 ndi madzi ochepa, ndipo soda musathire, amawononga mavitamini. Kutendera ndi nsinjiro supuni 2 kumakhutitsa kuposa kukazinga ndi mafuta ambiri. Nyemba viikani usiku wonse, mutaye madziwo, muphike Lamlungu mphika wokwana masiku 3. Usipa ukatha, nsomba za m'chitini za pilchards zimagwira ntchito yomweyo, idyani ndi minga zake zofewazo. Mchere usapyole supuni yaing'ono imodzi, magalamu 5, pa tsiku lonse, kuwerengera ndi umene uli m'timakyubu ta supu. Ufa wa m'sitolo kuno umathiridwa ayironi ndi mavitamini mwa lamulo kuyambira 2003, koma tiyi wakuda womwera pa chakudya amatsekereza ayironiyo kulowa m'thupi. Dikirani ola limodzi musanamwe tiyi, ndipo mukatha kudya nyemba tsitsirani ndi nachesi.

Mvula ikadzayamba cha mu Okutobala mudzaona bonongwe, amene kuno ambiri amangomuti morogo, kenako mango ndi mavwende cha mu Disembala. Mbale idzasinthe ndi msika. Koma ngati kutopa kumeneku kukubwera ndi kusowa tulo, kulira popanda chifukwa ndi kusafuna kuona anthu kwa masabata opitirira 2, mpira wa tenesi sungathandize pamenepo. Kauzeni anesi mawu omwewa amene mwandilembera, kapena imbirani bungwe la SADAG, limene limathandiza pa foni anthu ovutika maganizo.